Sizasi ya pa Padi Yachitatu

A Timitengo anagula mahedifoni asanu ndi awiri pa shopu yanga m'miyezi isanu yokha. Munthu wamba amagula amodzi pa chaka, mwina awiri ngati ali ndi mwana wokonda kutafuna zingwe. Ndayambira pamenepa chifukwa ndi pamene ine ndikulowera m'nkhani yawo, ngakhale nkhaniyo inayamba ine ndisanabadwe.

Shopu yanga ili pansi pa masitepe, m'nyumba yosanja yodzaza ndi timashopu. Ndimagulitsa machaja, zingwe, mamemori khadi, magalasi a pafoni ndi mahedifoni. Malo ake ndi ochepa moti ndikatambasula manja ndimakhudza makoma onse awiri, koma aliyense wokwera kapena wotsika amadutsa pamaso panga, ndiye sindidandaula. Pamwamba pa mutu wanga penipeni, chipinda choyamba mukatha masitepe khumi ndi asanu ndi atatu, ndi mmene ankagwirira ntchito a Timitengo.

Dzinalo linachokera ku timitengo tiwiri toyimbira ng'oma timene sitinkachoka m'thumba lakumbuyo la thalauzi lawo. Ankakwera nato basi, ankapita nato kumaliro, ndipo pokhala pampando ankayamba atitulutsa n'kutiika pamwendo ngati mwana. Anali munthu wamtali, wowonda, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, wokonda malaya oyera omangidwa mpaka batani la pakhosi. Ine ankanditchula kuti Nazingwe.

Mbiri yawo ankaifotokoza zidutswazidutswa, atatsamira pa kauntala yanga. Anayamba ntchito ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pa fakitale yopanga zitini, pa makina odinda zivindikiro. Ankati makinawo ndiwo anali mphunzitsi wawo, chifukwa ukachedwa ngakhale pang'ono kuchotsa dzanja, chala chimapita ndi chivindikiro. Anatulukako ndi zala khumi zonse komanso ndi wotchi m'mutu. Kenako analowa bandi, n'kukhala pa ng'oma zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, sipika ya besi ili kumbuyo kwa khutu lawo lakumanzere. Akazi awo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, ali kusekondale. Patapita zaka zingapo minibasi inawathyola mwendo wakumanja. Mwendowo unapola, koma unakana kupondanso ng'oma yaikulu.

Wina akanakhala pansi. Iwo anagulitsa ng'oma zawo zonse n'kugula makina.

Makinawo anali bokosi lakuda, lafulati, lalikulu ngati thireyi, lokhala ndi mapadi a labala asanu ndi atatu. Ukamenya padi ndi kamtengo, makina amatulutsa mawu amene unaikamo. Mawuwo ankawakonzera pa laputopu yakale ya batire lakufa, yolumikizidwa ku makinawo ndi chingwe chimene ndinawagulitsa ine. Anaphunzira pulogalamu yake okha, ndi chala chimodzi, ali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu.

Anali ndi malamulo awiri, ndipo ankawanyadira onse.

Loyamba linali lakuti sayimba ng'oma za munthu amene sanamuonepo. Mawu onse amene anabwera ndi makinawo kuchokera kufakitale anawafufuta tsiku loyamba, n'kuyamba kuyenda m'nyumba yathu ndi kamayikolofoni. Ng'oma yaikulu, pa padi yoyamba, inali chitseko cha firiji yakufa ya m'shopu ya zakumwa. Pa padi yachiwiri panali mtolo wa mapepala a amayi a fotokope utamenyedwa ndi lamba. Pa padi yachisanu ndi chimodzi panali loko wanga akutsekeka. Pa padi yachitatu, imene imamenyedwa kwambiri kuposa zonse, pamene ena amaikapo timbale tachitsulo, panali sizasi ya atelala.

Atelala anali mnzawo wa ponda apa nane mpondepo. Shopu yawo inali kumapeto kwa khonde lam'mwamba, ndipo sizasi yawo inali yaikulu, yakuda, ya nthawi ya makolo. Ikaluma nsalu inkati tche, mofewa koma momveka. Nyimbo ina italira pa wailesi, atelala anatuluka pakhonde tepi ili m'khosi.

"Tamvani anthuni! Sizasi yanga ili pa wailesi, mwini wake ndili pano kusoka mazipi a anthu onenepa!"

"Sizasiyo ili ndi luso," anayankha a Timitengo ali pakhomo pawo. "Mwini wakeyo ndiye tikufufuzabe."

Atelala anamwalira chaka chatha nyengo yozizira. Achibale anabwera ndi galimoto n'kutenga makina osokera, tebulo, sizasi, ngakhale babu la magetsi. Sizasiyo inangotsala pa padi yachitatu.

Lamulo lachiwiri linali lakuti sasunga makope. Ndinkawaona akugwira ntchito ndikawapititsira katundu. Mawu ankaoneka pa sikirini ngati timapiri tobiriwira. Ankadula kumutu kuti mawu ayambe pomwe kamtengo kagwera, n'kudula kumchira kuti asakokere. Pambali panali timabatani tiwiri tokoka, kena kowonjezera mawu olemera, kena kowonjezera mawu akuthwa, ndipo kalikonse kankayambira pa 0 kulekezera pa 12. Akakhutira, ankasunga mawu atsopanowo pamwamba pa akale. Akale ankatheratu, ndipo kabatani kankabwerera pa 0 ngati sipanachitike kanthu.

"Bambo, bwanji osasungako akalewo pa khadi?" ndinafunsa tsiku lina. "Makhadi ndili nawo ambiri."

"Ndadziwa kuti uli nawo ambiri, Nazingwe, ndiye chifukwa chake ukufunsa. Mmisiri wosunga matabwa olakwika ndiye kuti sakhulupirira dzanja lake."

Kale anthu ankachita mzere pamasitepe: makwaya, oyimba paukwati, anyamata ofuna kutchuka. Koma makiyibodi atsopano anabwera ndi ng'oma zake m'kati, zongodina batani, ndipo mzere unafupika mpaka kutsala munthu mmodzi. Tonse tinkawatchula kuti Adona. Anali mayi woyimba wa mawu aakulu, amene anayamba ali mtsikana mu bandi imodzi ndi a Timitengo. Ankawatchula kuti achimwene, ndipo ankanena poyera kuti sangayimbe popanda iwo. Lendi ya chipinda, chakudya, dzina lawo, zonse zinkachokera kwa Adona. Adona akanachoka, a Timitengo akanatsala ndi bokosi lakuda ndi timitengo tiwiri.

Mahedifoni oyamba anabwera kudzawadandaula patatha milungu iwiri. Anati afa kumanzere. Ndinawayesa, mbali zonse zinkalira, koma kasitomala wamkulu sukangana naye. Achiwiri anati alibe mawu akuthwa, akumveka ngati munthu akuyankhula m'bulangete. Achitatu chimodzimodzi, ndipo anandinena kuti ndayamba kuoda katundu wa kumsewu. Achinayi anawayesera pa kauntala pomwepo. Anakweza foni mpaka kumapeto, moti amayi a fotokope, amene shopu yawo ili mayadi asanu kuchokera pa yanga, anatulutsa mutu.

"Kodi kuli ukwati uko?"

A Timitengo sanatembenuke. Anavula mahedifoniwo n'kupukusa mutu.

"Awanso akulira pansipansi."

Pamenepo ndi pamene ndinadziwa. Ndipo nditadziwa ndinayamba kuona zimene zinali pamaso panga nthawi yonseyi. Munthu akamayankhula, iwo ankayang'ana pakamwa, osati m'maso. Ukawapatsa moni uli kumbuyo, ankangopitirira, anthu n'kumati akalamba ndi matama. Foni yawo inkalira m'thumba mpaka kuduka.

Atakwera masitepe ndinapita kwa amayi a fotokope.

"Amayi, a Timitengo makutu akutha."

"Wadziwa lero? Ife tinadziwa kalekale. A zakumwa akudziwa, alonda akudziwa."

"Nanga bwanji osawauza?"

"Iwe, munthu amadyera makutu, ukamuuze kuti makutu atha? Uyambe ndiwe, poti ndiwe wolimba mtima. Ine ndili ndi ana, sindifuna matemberero a munthu wamkulu."

Sindinayambe. Ndinadziuza kuti mwina ndi phula chabe, litsukidwa. Ndinadziuza kuti mwana wawo awauza. Ndinakonza mawu abwino m'mutu kangapo konse, koma akafika pa kauntala, malaya atamangidwa mpaka pakhosi, mawuwo ankasungunuka. Ndinawagulitsa achisanu, achisanu ndi chimodzi, achisanu ndi chiwiri.

Chinanso chimene ndinaona chinali pa sikirini. Popeza sankaimvanso bwino sizasi ija, ankaganiza kuti yazilala, ndiye ankaikonza. Tsiku limene ndinapititsa mahedifoni achiwiri, kabatani ka mawu akuthwa kanali pa 3. Anasunga. Ulendo wina ndinakapeza pa 5. Anasunga. Kenako pa 8. Iwo nthawi iliyonse ankaona kabatani kakuyambira pa 0, ndiye ankaganiza kuti sanafike n'kumapeto komwe. Koma ine mutu wanga umaphatikiza wokha, ngakhale ndisakufuna. 3 ndi 5 ndi 8 ndi 16, pa chinthu chimene anachipanga kuti chithere pa 12. Ndipo amenewo ndi maulendo okhawo amene ndinaona ine.

Adona anali atapita kunja kwa mzinda miyezi inayi kukadwazika mayi awo, choncho panalibe amene anamva ng'omazo pa masipika aakulu. Atabwerako analengeza konsati ya Loweruka masana m'holo yaikulu, yoyamba chibwerereni. Kuyeserera kunali Lachinayi. Woyimba kiyibodi wa Adona, bambo wa magalasi wokonda kutafuna chingamu, anali atayamba kale kunena kuti ng'oma zili m'kiyibodi mwake, zaulere, ndipo sizikwera basi.

Lachitatu cha m'ma teni m'mawa a Timitengo anaima pamwamba pa masitepe.

"Nazingwe! Takwera. Bwera ndi makutu akowo, akadali m'pepala."

M'chipindamo munali fungo la fumbi ndi mawaya otentha. Makoma anali okutidwa ndi mathireyi a mazira ndi makatani akale. Anandikhazika pampando wawo, chinthu chimene sanachitepo, n'kundiveka mahedifoni ndi manja awo. Anamenya padi yoyamba. Firiji inagunda bwino, mpaka m'mimba. Padi yachiwiri, bwino. Loko wanga, bwino. Kenako anamenya padi yachitatu kanayi.

Sinali sizasi. Inali singano yolowa m'khutu n'kukatulukira m'mano. Maso anga anadzaza misozi okha. Pa sikirini timapiri tija tinali titasanduka njerwa imodzi yobiriwira, yafulati pamwamba ndi pansi.

Anandivula mahedifoni n'kugwada pang'ono kuti nkhope yawo ifanane ndi yanga. Ankayang'ana pakamwa panga. Kamtengo kanali m'dzanja lawo.

"Wamva bwanji?"

"Zili bwino, bambo."

"Usandiope. Ine ndikuona ngati sizasiyi yafooka. Ikumveka kutali. Kapena ndi ine?"

Anafunsa okha. Chitseko anachitsegula okha, ine n'kungofunika kulowa.

"Ayi, si inu. Mwina mahedifoniwa."

Anapumira m'mwamba, nkhope yonse n'kumasuka ngati munthu amene dokotala wamuuza kuti palibe chimene chapezeka.

"Ndimadziwa ine. Katundu wakoyu, Nazingwe, adzakumangitsa."

Anakoka kabatani mpaka pa 12, n'kusunga. 28.

Ndikutsika, pa sitepe yachisanu ndi chinayi, ndinakumbukira khadi. Zaka ziwiri m'mbuyomo a Timitengo anapatsa atelala mawu a sizasi yawo kuti foni yawo izilira nawo. Atelala atagula foni ina, ndine ndinawasamutsira zinthu, ndipo khadi lakale anandisiyira kuti alibe nalo ntchito. Linali m'kabotolo ka mabatani m'dirowa yanga. Ndinalitulutsa, ndinaliika m'foni, ndinamvera. Tche. Yofewa, yoyera, ngati atelala angodutsa pakhonde.

Masitepe khumi ndi asanu ndi atatu okha. Koma kukwera nalo khadilo kunali kunena kuti ya m'makinamo yawonongeka, ndipo kunena zimenezo kunali kunena chifukwa chake. Ndinaligwira m'manja mpaka linatentha. Kunabwera mtsikana wofuna chaja, kenako bambo wa galasi losweka, kenako dzuwa linapendeka. Khadi linabwerera m'kabotolo.

Lachinayi masana a Timitengo anandiimbira foni, akukuwa monga ankachitira masiku amenewo, kuti chingwe chawo chafupika, ndiwapititsire chachitali ku holo. Ndinatseka shopu n'kuthamanga.

M'holomo mipando yapulasitiki inali yosanjikizana m'mbali, ndipo amayi awiri ankakolopa. Pa siteji panali Adona atavala thalauzi la jinzi ndi nsapato zafulati, atsikana anayi owathandiza kuyimba, wa gitala, wa besi, wa kiyibodi, ndi a Timitengo kumbuyo pakona, malaya oyera atasitidwa mizere. Mmodzi wa atsikanawo anali atagoneka khanda lake pa juzi pambali pa siteji. Wamasipika analumikiza chingwe changa. Ndikanatha kubwerera pomwepo, koma ndinatsala kuti ndimvere.

A Timitengo anawerenga ndi timitengo, kanayi, nyimbo n'kuyamba.

Zimene ndinamva m'mahedifoni zija tsopano zinatuluka m'masipika aatali kuposa ine. Amayi okolopa anataya mopu n'kugwira makutu. Khanda linadzidzimuka n'kuyamba kulira mokuwa. Wamasipika anathamangira pa mikisa yake n'kuyamba kutsitsa timabatani, koma singano ija inangosanduka mluzu wa nthunzi, wopyozabe. Adona anayimba mzere umodzi, nkhope itakwinyika, kenako anakweza dzanja. Gitala inaleka, besi inaleka, kiyibodi inaleka.

A Timitengo sanaleke. Maso awo anali pa mapadi, mutu ukugwedezeka, akumwetulira pang'ono. Dzanja linali lolondola ngati kale, osaphonya ngakhale theka la kamphindi. Ndinawerenga. Anamenya padi yachitatu ka makumi atatu ndi kawiri ali okha m'holo yonse.

"Achimwene!" anaitana Adona ali chakumbuyo kwawo. "Achimwene! Achimwene!"

Anachita kuwazungulira n'kuima patsogolo pawo. A Timitengo ataona nsapato anakweza mutu n'kuleka.

"Chavuta n'chiyani? Wathamanga ndani?"

"Palibe wathamanga. Sizasi yatani?"

"Sizasi ili bwino. Masipika anuwa ndiye achabechabe."

"Madala, izi zapsa kale," anatero wamasipika. "Pa mikisa sizingakonzeke. Bwezerani yakale ija."

"Yakale ndi yomweyo."

"Ndiye ikani za kufakitale, tingodutsa Loweruka."

Wa kiyibodi anaseka chingamu chili m'kamwa. "Za kufakitale anazifufuta makina asanatuluke n'komwe m'katoni. Paja sayimba ng'oma za alendo."

Adona sanaseke. Anawayang'ana a Timitengo nthawi yaitali. Kenako anatenga pepala la mndandanda wa nyimbo, anaphimba nalo pakamwa pawo, n'kuyankhula ndi mawu wamba, amene tonse tinawamva mpaka kumbuyo kwa holo.

"Achimwene, ngati mukundimva, ikani timitengoto pansi."

A Timitengo anayang'ana pepalalo. Anayang'ana maso a Adona. Anayang'ana wa besi, kenako atsikana aja, kufuna wina amene nkhope yake ingawauze zimene zanenedwa. Aliyense anagwetsa maso. Timitengo tinakhalabe m'manja mwawo.

Adona anatsitsa pepala. Misozi inali itafika kale pachibwano.

"Kuyambira liti, achimwene?"

A Timitengo anaika timitengo m'thumba lakumbuyo. Anazimitsa makina, anazula chingwe changa n'kuchikulunga bwinobwino monga ankachitira nthawi zonse, chigongono ndi chala chachikulu. Asanafike n'pakhomo pomwe, wa kiyibodi anadina batani, ng'oma zosalala zopanda mwini n'kudzaza holo. Iwo sanatembenuke. Sindikudziwa ngati anazimva.

Nditabwerera ndinawapeza atakhala pa sitepe yachitatu, pafupi ndi shopu yanga, makina ali pamwendo.

"Chingwe chako ichi," anatero. Kenako, "Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, bambo."

"Yang'ana kuno poyankhula. Kuyambira liti?"

"Pa mahedifoni achinayi."

Anawerenga ndi zala, pang'onopang'ono.

"Ndiye unandigulitsa ena atatu."

"Eya."

"Dzulo ndinakufunsa."

"Munandifunsa."

Amayi a fotokope anali atazimitsa makina awo kuti amve bwino. A zakumwa ankapukuta botolo limodzi lomwelo. A Timitengo anawayang'ana onse, mmodzimmodzi.

"Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi. Ine anansi ndinali nawo nyumba yonse."

Anakwera masitepe akukoka mwendo uja.

Lachisanu m'mawa ndinakwera ndi khadi. Sindinapereke moni wautali. Ndinaima pamene angaone pakamwa panga n'kuwauza zonse: za foni ya atelala, za kabotolo, za 3 ndi 5 ndi 8 ndi 12. Anamvetsera ndi maso mpaka ndinamaliza. Analowetsa khadi mu laputopu. Pa sikirini panabwera kaphiri kamodzi kakang'ono, kosongoka kumutu, kotsetsereka bwino kumchira. Anakaika pambali pa njerwa ija n'kuyang'ana ziwirizo nthawi yaitali.

"Uyu ndiye mnzanga," anatero, chala chili pa kaphiriko. "Ichi ndapanga ine."

Sizasi ya pa khadiyo anaitumiza ku padi yachitatu. Anatenga kamtengo, anamenya kamodzi, n'kundiyang'ana.

"Yalira?"

"Yalira."

"Usandinamizenso."

"Yalira, bambo. Ngati kale."

Anamenyanso, khutu lakumanja ataliyandikiza pa sipika mpaka kukhudza. Kenako anaika chikhatho pa sipikayo n'kumenya padi yoyamba. Firiji anaimva m'dzanja, anagwedeza mutu. Anamenya yachitatu. Sizasi ndi yopepuka, sigwedeza kanthu. Anachotsa dzanja.

Ine ndinali nditaona kale njira. Manja awo anali amoyo, wotchi ya m'mutu inali yamoyo, mawu olemera ankawamva m'thupi. Chimene chinkasowa ndi munthu mmodzi wonena zoona pa mawu akuthwa, basi. Ndinatsika n'kuimbira Adona, ndikuyankhula mothamanga ngati ndikugulitsa chaja kwa munthu amene basi ikumusiya.

"Mayi, sizasi yapezeka, yeniyeni ija. Mawa akhoza kuyimba. Mungoima pamene angakuoneni mukakweza dzanja."

Adona anayankha kuti:

"Mwanawe, ukanabwera nayo Lachitatu, bwenzi pano palibe akudziwa koma iwe ndi ine, ndipo bwenzi titapeza mochitira mwakachetechete. Koma dzulo anthu khumi ndi awiri anaona. Lero mzinda wonse wa oyimba ukudziwa. Wa besi wanena kuti sakwera siteji ndi munthu amene samva pamene nyimbo yaima. Ndili ndi mabanja khumi akudya pa mawu angawa. Ndiwalirira achimwene, koma mawa ndiyimba ndi kiyibodi."

Konsati inachitika. Anthu amati inali yabwino.

Kumapeto kwa mwezi mwana wawo anabwera ndi mwamuna wake pa kagalimoto kotsegula kumbuyo. Mayiyo anaima pa kauntala yanga atanyamula laputopu.

"Ndinu a zingwe? Bambo amakutchulani. Ine ndinkaona ngati akungondinyalanyaza pafoni, poti amatero akakwiya. Kuchipatala akuti mitsempha yake inatha, si zotsuka." Anayang'ana mahedifoni opachikidwa kumbuyo kwanga. "M'dirowa mwawo ndapezamo asanu ndi awiri. Onse akulira."

Mathireyi a mazira anawasiya pakhoma. M'chipindamo tsopano muli ometa tsitsi, ndipo nyimbo zawo zimagwedeza denga langa kuyambira m'mawa.

Mwezi wathawu ndinapita kukawaona. Mkamwini wawo ali ndi malo opalira matabwa kuseri kwa siteshoni ya mabasi, shedi ya malata yodzaza utuchi. Makina opalira amalira moti anyamata amasinthana pa ola lililonse, mutu ukawawa. A Timitengo amakhalapo tsiku lonse. Ndinawapeza atavala ovolosi yabuluu, utuchi uli m'tsitsi ndi m'nsidze. M'thumba lakumbuyo munali pensulo ndi tepi yoyezera.

Atandiona anatuluka panja. Ndinayamba kukuwa moni.

"Usakuwe, Nazingwe, ukuononga pakamwa. Yankhula bwinobwino, ndikuona."

Ndinawafunsa za makina aja. Anati ali pamwamba pa wadiropu, m'pilo, kuti zidzukulu zisawafikire. Ndinawauza kuti ndamva za timakina tovala m'khutu, kuti ndikufufuza kumene ndingaode, kuti mwina chaka chino chisanathe. Anandisiya ndimalize.

"Ukaoda, uyambe wayesa wekha," anatero. "Sizasi ija ikadalipo?"

"Ilipo. Ndinaikopera pa makhadi atatu ndi pafoni."

"Wosunga zinyalala iwe."

Anaseka pang'ono, kenako kuseka kunatha. Mkamwini anawakodola ndi dzanja kuchokera m'shedi, ndipo anabwerera. Ndinaima pakhomo kuwayang'ana. Ankatenga thabwa pamulu, kuliika pa makina, kulikankha, kutembenuka, kutenga lina. Ndinayamba kuwerenga osafuna. Kuchokera thabwa lina kufika linzake panali kugunda kusanu ndi kutatu, nthawi iliyonse, osachedwa, osafulumira. Ndinawerenga matabwa makumi anayi, kenako ndinapita kukakwera basi.